Mwana ndi Ntchito m'Boma la Chadiza: Zaka, Maola ndi Malipiro Malinga ndi Lamulo

Nkhani ya ana ndi ntchito ikangoyambika pabwalo la anyakwawa kapena pamsonkhano wa makolo kusukulu, sipalephera munthu woimirira n'kufunsa kuti, "Kodi boma likufuna ana athu azikula manja lende?" Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi. M'Zambia mulibe lamulo loletsa mwana kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kutunga madzi pamjigo wapafupi, kapena kutsagana ndi makolo ake kumunda Loweruka kukaphunzira kugwira khasu. Mwana amadziwa ntchito poona ndi pochita, ndipo lamulo silinabwere kudzathetsa zimenezo. Chimene lachita ndi kuika malire pa zinthu zitatu: zaka za mwanayo, mtundu wa ntchitoyo, ndi kutalika kwa nthawi imene akuigwira.

Malire amenewa akutikhudza kwambiri kuno ku Chadiza. Ndife alimi a chimanga, nsawawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya, ndiponso ndife oweta ng'ombe. Achinyamata athu ambiri salembedwa ntchito m'mafakitale momwe woyendera wa boma angafike mosavuta. Amalembedwa pakamwa, pakhonde, m'midzi ya mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala, wolemba ntchitoyo ali mnansi kapena wachibale. Kumalo otere lamulo limagwira ntchito pokhapokha eni mudzi akalidziwa.

Malamulo ake ndi ati?

Muzu wa zonse ndi Malamulo Aakulu a dziko la Zambia. Gawo 24 limateteza mwana wosakwana zaka 15 ku ntchito iliyonse imene ingaononge thanzi lake, maphunziro ake, kapena kakulidwe ka thupi, nzeru ndi khalidwe lake. Malamulo Aakuluwa atakonzedwanso mu 2016, anafotokoza kuti mwana ndi munthu wa zaka 18 kapena kucheperapo, ndipo anapatula gulu la achichepere amene akwanitsa zaka 15 koma sanafike 19.

Lamulo limene limayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi Employment Code Act, nambala 3 la 2019. Linalowa m'malo mwa malamulo angapo akale, kuphatikizapo lija la ntchito za ana limene linayamba mu 1933, dziko lino likutchedwabe Northern Rhodesia. Pambali pake pali chilengezo cha nduna yoona za ntchito, nambala 121 cha 2013, chimene chinatchula mitundu 31 ya ntchito zoopsa zosayenera ana. Mu 2022 kunabweranso Children's Code Act, nambala 12, limene limaletsa kudyera mwana masuku pamutu kapena kumugwiritsa ntchito yosokoneza sukulu ndi thanzi lake.

Zambia inalonjezanso zomwezi pamaso pa maiko ena. Mu 1976 inavomereza pangano nambala 138 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lonena za zaka zoyambira ntchito, ndipo mu 2001 inavomereza pangano nambala 182, loletsa ntchito zoipitsitsa kwa ana. Vutoli si la ife tokha. ILO ndi bungwe loona za ana la UNICEF anapeza kuti mu 2024 ana pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ochuluka mwa iwo anali mu ulimi.

Zaka: magulu atatu

Gulu loyamba ndi la ana osakwana zaka 13. Amenewa salembedwa ntchito, kaya ya ndalama, kaya ya chimanga, kaya ya chiweto. Angathandize pakhomo malinga ndi msinkhu wawo, koma palibe munthu amene angapangane ndi makolo awo kuti azimugwirira ntchito.

Gulu lachiwiri ndi la ana oyambira zaka 13 kulekeza 15. Amenewa lamulo limawalola ntchito yopepuka yokha, ndipo kupepuka kwake kumayesedwa ndi mafunso awiri. Kodi ntchitoyo ingamupweteke kapena kusokoneza kakulidwe kake? Kodi ingamujombetse kusukulu kapena kumutopetsa mpaka kulephera kuphunzira? Yankho la funso limodzi lokha likakhala inde, ntchitoyo si yopepuka. Kusenda nsawawa kwa kanthawi pa tchuthi ndi ntchito yopepuka. Kusenza matumba a feteleza kapena kulima ganyu tsiku lathunthu sikopepuka.

Gulu lachitatu ndi la amene akwanitsa zaka 15 koma sanafike 19. Zaka 15 ndizo zoyambira kupanga pangano la ntchito m'Zambia. Wachinyamata wa msinkhu uwu angalembedwe m'sitolo, m'lesitilanti, kosoka zovala kapena pa ntchito zina za kumunda zosaika moyo pangozi. Akalembedwa, amakhala wantchito weniweni, wokhala ndi ufulu wonse umene wamkulu ali nawo, kuwonjezerapo chitetezo cha ubwana wake: ntchito zoopsa ndi zoletsedwa kwa iye mpaka atatuluka m'gulu limeneli.

Thupi limanamiza. Mnyamata wa zaka 14 wodya bwino angaoneke ngati wa 18. Wolemba ntchito aone chikalata chobadwira, khadi la kusikelo, kalata ya kusukulu kapena chitupa cha NRC, chimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Kunena kuti "anaoneka wamkulu" si chodzitchinjirizira chodalirika.

Maola: ntchito iyambe liti, ithe liti?

Employment Code Act inaika malire a wantchito aliyense. Tsiku la ntchito ndi maola 8. Sabata ya ntchito ndi maola 48, ndipo ola lililonse lopitirira pamenepo limalipiridwa kamodzi ndi theka. Wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma kapena pa tsiku lake lopuma, pamene tsikulo silili mbali ya sabata yake ya ntchito, amalipidwa kawiri. Pa masiku 7 aliwonse payenera kukhala tsiku limodzi lopuma, maola 24 otsatizana. Mkati mwa tsiku la ntchito muyenera kukhala ola limodzi la chakudya, ndiponso mphindi 20 zopumira, zimene zingagawidwe pawiri.

Amenewa ndi malire a munthu wamkulu wokhwima mafupa. Wachichepere sayenera kuwapyola, chifukwa kugwira ntchito maola ataliatali ndi kugwira ntchito usiku zili pa mndandanda wa ntchito zoopsa zija za 2013. Mtsikana wa zaka 16 amene amatsegula sitolo m'bandakucha n'kutseka usiku anthu atagona akulakwiridwa, ngakhale kugulitsa sopo ndi shuga pakokha si ntchito yoopsa. Chaipitsa ntchitoyo ndi maola ake.

Nanga mwana wa zaka 13 kapena 14? Muyezo umene ILO ndi UNICEF amagwiritsa ntchito powerengera ana ogwira ntchito ungathandize kholo lililonse. Iwo amati mwana wa zaka 12 mpaka 14 akafika maola 14 pa sabata pa ntchito yopezera chuma, wapyola malire a ntchito yopepuka. Amenewo ndi maola awiri patsiku. Amatinso wa zaka 15 mpaka 17 akafika maola 43 pa sabata, thanzi lake lili pangozi. Ngakhale ntchito za pakhomo amaziwerengera: mwana wosakwana zaka 15 amene amathera maola 21 kapena kupitirira pa sabata akuphika, kuchapa, kutola nkhuni ndi kulera ana, walemetsedwa. Muyezo womalizawu ukukhudza kwambiri atsikana, amene ntchito yawo siioneka chifukwa salandirirapo ndalama.

Ntchito zoletsedwa

Mndandanda wa 2013 ukamawerengedwa, munthu wa ku Chadiza amazindikira ntchito zambiri za kwawo. Muli kuweta ziweto kubusa. Muli kugwira fodya ndi thonje pa munda wa mtundu uliwonse. Muli kupopera mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, kuumba njerwa, kuotcha makala, kuphwanya miyala, kusodza, kuwotcherera zitsulo, kukumba pansi, kukwera pamwamba patali, ndi kugwira makina oopsa. Muli kugulitsa kapena kuperekera mowa m'mabala. Mulinso ntchito iliyonse yoika mwana pamalo pomwe angamenyedwe kapena kugwiriridwa.

Ntchito zimenezi sizikhala zololedwa chifukwa choti makolo avomera, kapena mwanayo wazifuna yekha, kapena malipiro ake ndi abwino. Pamwamba pa zonsezi pali zimene lamulo limazitcha zoipitsitsa: ukapolo, kugulitsa ana, kugwiritsa mwana ntchito kuti abweze ngongole ya makolo, kumulowetsa mu uhule kapena m'malonda a chamba ndi mankhwala ozunguza bongo. Imeneyi ndi milandu yopita nayo kundende.

Ubusa wa ng'ombe: tiwerenge bwino

Pa ntchito zonse za ana m'chigawo cha Kum'mawa, yozika mizu kwambiri ndi ubusa. Kachitidwe kake tonse tikukadziwa. Kamnyamata kamaperekedwa kwa mwini khola, nthawi zina m'mudzi wina, pa pangano lakuti kakaweta zaka zitatu kapena zinayi kadzapatsidwa ng'ombe imodzi. Makolo amene amavomera zimenezi si anthu oipa mtima. Banja lopanda ng'ombe limalima ndi khasu pamene anzawo akulima ndi pulawo, limasenza pamutu pamene anzawo akukoka ngolo, ndipo vuto likagwa lilibe chogulitsa. Kwa banja lotere, thole limodzi limaoneka ngati chiyambi cha khola.

Koma tiyeni tiwerenge. Ng'ombe sizidziwa Lamlungu kapena Khirisimasi. Mnyamata akatsegula khola m'mawa n'kubwera nazo dzuwa likulowa, wagwira maola ngati 10. Pa sabata ndi maola 70, pamene lamulo limati bambo wandevu asapitirire 48 popanda malipiro owonjezera. Tiyese malipirowo. Mu Januwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba kufika K1,300 pamwezi. Zaka zinayi ndi miyezi 48, ndipo pa mtengo umenewo ndi K62,400. Aliyense amene anagulapo kapena kugulitsa thole adziyankhe yekha ngati lingafike pamenepo. Ndiye pali zija zimachitika ng'ombe ikasowa kapena zikalowa m'munda wa eni: mwana amakwapulidwa, kapena amauzidwa kuti awonjezere chaka. Ng'ombe yolonjezedwayo ikabwera, kawirikawiri imalowa m'khola la bambo kapena la atsibweni, ndipo mwini thukuta sakhala ndi mawu pa iyo.

Kubusa kuli mphenzi ya m'dzinja, kuli njoka, kuli mitsinje yodzaza, kuli nkhunzi zolusa. Mwana amamwa madzi a m'zithaphwi momwe ng'ombe zamwa, amasamba m'madambo momwe muli likodzo, ndipo akavulala palibe wamkulu pafupi. Komabe chotayika chachikulu ndi sukulu. Mnyamata amene wachoka ali giredi 2 amabwerera mawu atasintha, ndipo manyazi okhala pa desiki limodzi ndi tiana amamubweza kunyumba. Wapeza ng'ombe imodzi, koma sadzatha kuwerenga sikelo pogulitsa soya, mlingo wa mankhwala a dipi, kapena pangano la ngongole ya mbewu limene akuuzidwa kudindapo chala.

Ena amafunsa kuti, "Nanga ng'ombezo zikakhala zathu zomwe?" Children's Code Act siifunsa mwini ng'ombe. Imafunsa ngati ntchitoyo ikusokoneza maphunziro ndi thanzi la mwana. Mwana akamajomba kusukulu chifukwa cha ng'ombe za bambo ake, ufulu wake waphwanyidwa chimodzimodzi.

Ng'ombe ziyenera kudya ndithu, ndipo njira zilipo. Mabanja oyandikana angaphatikize ziweto zawo n'kumasinthana akuluakulu popita nazo kubusa. Angasonkhe ndalama n'kulemba munthu wamkulu wolipidwa pamwezi. Angatchingire malo odyetsera, angasunge mapesi ndi masangwe a nsawawa kuti ziweto zisamayende mtunda wautali m'chilimwe. Mwini khola amene ali ndi chifundo pa banja losauka angalibwereke ng'ombe yoweta, akuluakulu n'kupangana za ana ake obadwa, popanda kuika mwana pakati ngati chikole.

Fodya ndi thonje

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti kuthyola kapena kusoka fodya ndi ntchito yoopsa, poti mwanayo amakhala pansi pamthunzi wa chigafa. Ngozi yake siioneka ndi maso. Tsamba laliwisi la fodya, makamaka lonyowa ndi mame kapena mvula, limatulutsa nikotini amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Mwana amayamba kumva nseru, chizungulire, mutu ndi kusanza, ndipo pakhomo amangoti ndi malungo. Thupi laling'ono limagwidwa msanga kuposa la wamkulu. Fumbi la fodya wouma posankha nalonso limavutitsa chifuwa.

Pa thonje vuto lalikulu ndi mankhwala. Thonje limapoperedwa kangapo pa nyengo imodzi, ndipo mwana wosenza pampu kumsana, wosakaniza mankhwala, wotsuka mabotolo ake kapena wolowa m'munda wangopoperedwa kumene amalandira chiphe chimene zotsatira zake zingaoneke patapita zaka. N'chifukwa chake lamulo linanena za minda ya mtundu uliwonse, osati mafamu aakulu okha. Mlimi wotenga ngongole ya mbewu ndi feteleza ku kampani ayambe wawerenga manja a akuluakulu amene ali nawo asanasankhe kukula kwa munda. Ekala imene ingalimike pokhapokha ana atajomba kusukulu ndi ekala yopyola mphamvu za banjalo.

Pangano ndi malipiro a wachinyamata wa zaka 15 kupita m'tsogolo

Inu achinyamata amene mwafika pololedwa kugwira ntchito, dziwani izi musanayambe.

Pangano la pakamwa ndi lovomerezeka, koma wolemba ntchito ayenera kulemba zimene mwagwirizana n'kukupatsani pepala lanu: dzina, tsiku loyamba, mtundu wa ntchito ndi malipiro. Ntchito ikakhala ya miyezi 6 kapena kupitirira, pangano lonse liyenera kukhala lolembedwa. Kusunga zolembazi ndi udindo wa bwana, ndipo akapanda kutero, mawu anu amamvedwa ngati umboni pa mlandu.

Malipiro ndi ndalama za dziko lino, zoperekedwa kwa inu mwini pa nthawi yake. Nsima, malo ogona ndi zovala zakale sizilowa m'malo mwa malipiro. Mawu akuti "ndikukusungira, udzatenga pa Khirisimasi" aika achinyamata ambiri m'mavuto. Bwana sangadule malipiro anu mmene wafunira, pakuti lamulo linatchula zifukwa zololedwa kudulira. Boma limalengeza malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba, a m'masitolo ndi ena, ndipo limawasintha nthawi ndi nthawi. Funsani ku ofesi ya zantchito kuti mudziwe amene alipo, ndipo musavomere ochepa chifukwa choti ndinu wamng'ono.

Mukagwira chaka chathunthu, muli ndi tchuthi cholipidwa cha masiku awiri pa mwezi uliwonse umene mwagwira. Mukadwala n'kubweretsa kalata ya kuchipatala, muli ndi tchuthi cha matenda. Mukavulala pa ntchito, nkhaniyo isathere pa kupepesa. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board linakhazikitsidwa kuti lizipereka chipukutamisozi kwa ovulala pa ntchito, ndipo olemba ntchito ayenera kulembetsa antchito awo kumeneko. Pomaliza, bwana sangakuchotseni popanda chifukwa chomveka, ndipo kukadandaula ku boma si chifukwa chochotsera munthu ntchito.

Ufulu umayenda ndi udindo. Nenani zaka zanu zoona. Fikani pa nthawi, samalani katundu wa eni, valani zodzitetezera zimene mwapatsidwa. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka ndi ndalama zimene mwalandira. Kabuku kameneko ndiye mboni yanu tsiku la kusamvana.

Mwana akatengedwa kupita kutali

Pali pempho lina limene limabwera mwaulemu kwambiri: "Tipatseni mtsikanayu akatithandize kulera mwana ku Chipata, tikamuphunzitsa sukulu." Ena amasunga lonjezo. Ena ayi, ndipo mtsikana amakathera kukhitchini, woyamba kudzuka, womaliza kugona, wopanda malipiro, wopanda sukulu, ndiponso wopanda womuuza akachitidwa zachipongwe. Chibale sichisintha lamulo. Mwana wosakwana zaka 15 salembedwa ntchito ya m'nyumba, ndipo wopitirira pamenepo ali ndi maola ake, tsiku lake lopuma ndi malipiro ake.

Boma lathu la Chadiza lili m'malire ndi Mozambique, ndipo Malawi sali patali. Anthu amawoloka pa Chanida ndi m'njira zina zambiri kukacheza, kukagula ndi kukagwira ganyu. Munthu wotenga mwana ndi malonjezo abodza, n'kupita naye kumunda wa fodya, kubala kapena kunyumba ya eni kuti akamudyere masuku pamutu, wapalamula mlandu wozembetsa anthu malinga ndi Anti-Human Trafficking Act ya 2008. Mlanduwu umakhalapo ngakhale mwanayo sanatuluke m'dziko, ndiponso ngakhale makolo analandirapo kanthu. Mwana wa ku Mozambique kapena ku Malawi amene akugwira ntchito kuno naye amatetezedwa ndi malamulo omwewa.

Musanalole mwana kupita, dziwani nyumba yeniyeni imene akukakhala, dzina la sukulu imene akalowe, ndi nambala ya foni imene mungalankhule naye iye mwini. Wokana kukuuzani zimenezi wakuuzani kale cholinga chake.

Nanga umphawi?

Palibe kholo limene limasangalala kuona mwana wake akuvutika. Chimene chimatuma ana ku ganyu ndi njala, imfa ya makolo, ndi kusowa kwa yunifolomu ndi makope. Lamulo lokha silidzaza nkhokwe, komabe zitseko zina zatseguka ndipo mpofunika kuzigogoda. Kuyambira Januwale 2022, maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira ku sukulu ya mkaka mpaka kusekondale. Chaka chomwecho thumba la chitukuko cha madera a aphungu la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mbali ina ya ndalamazo ndi yolipirira ana osauka ku sekondale zogonera konko ndi ku sukulu za ntchito zamanja. Mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu ndi ku khonsolo. Ofesi yoona za umoyo wa anthu ovutika imayendetsa thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, ndipo pali ndondomeko ya Keeping Girls in School yothandiza atsikana a m'mabanja otere. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera, malinga ndi mfundo imene boma linakhazikitsa mu 1997.

Mnyamata amene anataya zaka kubusa nayenso angabwerere. Pitani naye kwa aphunzitsi aakulu mukakambirane za kalasi yomuyenera. Kuchedwa kuyamba kuli bwino kuposa kukhala osadziwa kulemba dzina moyo wonse.

Udindo wa aliyense

Makolo ndi eni mbumba, mawu anu ndiwo amatsegula kapena kutseka njira ya mwana yopita ku ntchito. Pakati pa Achewa atsibweni ali ndi mphamvu pa ana a mlongo wawo. Mphamvu imeneyo ndi yotetezera, ndipo malume amene akana kuti mphwake aperekedwe kubusa wachita ntchito yake yeniyeni.

Olemba ntchito, funsani zaka, lembani pangano, werengani maola, lipirani pa nthawi. Amene muli ndi chigayo, malo opalira matabwa, ntchito yomanga kapena ina ya makina, sungani kaundula wa achichepere amene mwawalemba, ndipo musawaike pa makina oopsa kapena pa ntchito ya usiku. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ntchito imene simungapatse mwana wanu wobala musaipatse wa mnzanu.

Anyakwawa ndi nduna za mafumu, mapangano ambiri a ubusa amadziwika kwa inu, ndipo milandu yake imafika pabwalo panu ng'ombe zikadya mbewu za eni. Mukamaweruza za chimanga chodyedwa, funsaninso zaka za m'busayo ndi chifukwa chimene sanali m'kalasi. Aphunzitsi, kaundula wanu ndiye amayamba kuonetsa mwana amene wayamba kusowa nthawi yopalira, yothyola fodya kapena yotola thonje. Musadikire kuti teremu ithe musanafunse.

Kokadandaula

Nkhani zambiri zingathe pokambirana, makamaka ngati wolakwayo sankadziwa lamulo. Yambani ndi makolo, wolemba ntchito, anyakwawa kapena komiti ya makolo kusukulu. Zikakanika, kapena ngati mwana ali pangozi, musazengereze.

Imbani 116, nambala yaulere ya Childline, imene mwana angaimbe yekha. Pitani ku ofesi yoona za umoyo wa anthu ovutika pa boma la Chadiza, kumene kuli ogwira ntchito yoteteza ana. Ngati pali kumenyedwa, kugwiriridwa, kutsekeredwa kapena kuzembetsedwa, pitani kupolisi ku nthambi ya Victim Support Unit, ndipo mwana akaonedwe kuchipatala msanga. Za malipiro, maola ndi kuchotsedwa ntchito zimapita kwa ofisala wa zantchito wa Unduna wa Zantchito, umene uli ndi ofesi ku Chipata. Ofisala ameneyu ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito, kuona mabuku ndi kuitanitsa wolemba ntchito. Nkhani ikafika ku khoti ndipo mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Board ndi a Human Rights Commission alinso ndi maofesi ku Chipata.

Popita tengani chilichonse chosonyeza zaka za mwana, dzina ndi mudzi wa wolemba ntchito, tsiku limene ntchito inayamba, zimene munapangana, zimene zalipidwa, ndi munthu amene analipo popangana. Dziwaninso kuti ntchito ikakhala yoletsedwa, wolakwa ndi amene analemba mwanayo, osati mwana. Musaope kuti mukadandaula mwana amangidwa, ndipo pokamba nkhaniyo musaiwale kufunsa za thukuta limene wakhetsa kale.

Chaka chilichonse pa 12 Juni dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi kugwiritsa ana ntchito zosayenera. Kuno tsikuli limafika m'nyengo yokolola ndi kugulitsa, pamene mabanja akupangana za chaka chamawa: munda ukule bwanji, ng'ombe aziweta ndani, ndani apite kutauni. Mpamene mpofunika kufunsa mafunso atatu pa mwana aliyense wa pakhomo panu: ali ndi zaka zingati, ntchitoyo ndi yotani, ndipo imudyera maola angati. Yankho likasemphana ndi zimene mwawerengazi, sinthani pangano mvula isanagwe, ndipo mwanayo mukamulembetse kusukulu.